Mbedza ya mumtsinje imakola awiri



Kuno kunyanja, munthu wamkulu akanyamula ndodo ya nsungwi ndi kachitini ka nyongolotsi n'kulowera kumtsinje, anthu amayang'anana kenaka n'kuseka chamumtima. Kwa ife a ku Linga, ku Chia ndi magombe onsewa mpaka ku Dwangwa, usodzi weniweni ndi wa bwato ndi nyali, wa chilimira ndi matchera. Mbedza akuti n'za ana ojomba kusukulu, kapena za nkhalamba imene chifuwa chake sichingalimbanenso ndi mwera. Koma tawerengani bwino amuna amene amasowa pamudzi dzuwa likapendeka m'miyezi ya mvula. Mupezamo aphunzitsi, atelala, alimi a mpunga a ku sikimu ya Bua, ngakhalenso eni maboti. Munthu usipa uli mbwee pathandala kunyumba kwake, koma iye ali duu pamwala, udzudzu ukumudya, kudikira nsomba imodzi.

Nkhaniyi ndailemba chifukwa madandaulo ake amandipeza kumzikiti. Mayi wina amabwera nati, “A shehe, tawalankhulani bambo akwathu aja, munda wamera tchire, iwo ali kumtsinje.” Bambo wina akuti mnyamata wake saonekanso pamzere nthawi ya Magharibi. Ndiye poti inenso ndodo ndili nayo, ndipo anthu amadziwa, sindingayankhe ngati munthu wosadziwa kukoma kwake. Ndikufuna ndifotokoze chimene chimakola munthu kumeneko, malire ake, komanso chinthu china chachikulu chimene ife ogwira ndodo tikuchiona m'madzimo, chimene anzathu a kunyanja yaikulu ndi a kumunda sanachione bwino.

Nsomba zokwera mitsinje

Nyanja yathu ili ndi nsomba zimene zimabadwira m'nyanja momwemo n'kuferamo, monga chambo, utaka ndi usipa. Koma pali gulu lina limene limadyera m'nyanja, nthawi yoswana ikakwana n'kukwera mitsinje. Apa ndi pamene pali ngumbo, kadyakolo, tamba, nchila, sanjika ndi mfumu yawo, mpasa. Zonsezi n'zapachibale ndi timatemba tija ana amagwira m'madambo.

Imene imayambitsa anthu ambiri matendawa ndi ngumbo. Ili ndi mamba akuluakulu onyezimira, thupi lolimba ngati mkono wa mlimi, ndi tindevu tinayi pakamwa, tiwiri uku tiwiri uku. Tindevuto ndi timene imafufuzira chakudya pansi, pakati pa miyala, ngakhale madzi atakhala ofiira ndi matope. Zina zimakhala ndi milomo yochindikala ngati labala, moti ukaigwira koyamba umayesa mtundu wina. Siisankha chakudya: tizilombo ta pansi pa miyala, ndere, ngumbi, nkhuyu zogwera m'madzi, zonse n'zake. M'bale wake kadyakolo amakonda nkhono. Pambale, ngumbo ili ndi minga yambiri ing'onoing'ono yobisala m'mnofu, n'chifukwa chake pamsika siifika mtengo wa chambo. Amayi odziwa amaichekacheka mothinana asanaikazinge kuti mingayo iphwanyike. Koma kukoma kwake kwenikweni kuli pandodo.

Mpasa ndi nkhani ina. Nsomba imeneyi siipezeka kwina kulikonse padziko lapansi koma m'nyanja ino ndi mitsinje yothira m'menemo. Ndi mlenje, imathamangitsa usipa ndi tinsomba tina. Imakwera mvula ikamapita kumapeto, madzi akayamba kuyera, n'kukaikira mazira pa timiyala toyera, pamalo osaya pamene madzi akuthamanga. Katswiri wina, Denis Tweddle, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku nthambi ya za usodzi m'dziko muno, anafufuza kaswanidwe kake n'kukalemba. Ana ake amakulira kaye mumtsinje asanatsikire kunyanja. Bua ndi umodzi mwa mitsinje yowerengeka imene mpasa zikukwerabe, ndipo chifukwa chake n'chodziwika: mtsinjewu usanafike kunyanja umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, kumene magombe ake sanakhudzidwe ndi khasu.

Mlamba sitingauiwale. Uwu ndi mwini mudzi, umakhala m'dziwe lililonse, umapuma ngakhale mpweya wa kunja, ndipo umadya usiku. Ambiri amayambira pa mlamba ali ana. Koma mlamba umakoka ngati thumba la mchenga limene lapenga. Munthu amene walawa kakokedwe ka ngumbo, mlamba amauona ngati ndiwo chabe.

Mmene zimakolera

Zida zake sizifuna ngongole. Nsungwi youma bwino yotalika kawiri msinkhu wa munthu, ulusi wa nayiloni, mbedza zingapo za kumsika, kamtovu kapena kanati kakale ka njinga, ndi kachidutswa ka patapata wakutha koti kaziyandama. Basi. Achinyamata ena obwera ku Joni amabwera ndi ndodo za m'sitolo zokhala ndi kawilo kokulungira ulusi. N'zabwino ndithu, makamaka pa mpasa, imene imakonda kuthamangira kasupuni konyezimira kokokedwa m'madzi. Koma ndaonapo kangapo nkhalamba ya nsungwi ikubwerera ndi nsomba zitatu, mwini kawilo atanyamula ndodo yake yokha.

Chifukwa chake n'chakuti ntchito yonse yagona pa kuwerenga madzi. Ngumbo siikhala paliponse. Siifuna kulimbana ndi mphamvu ya mtsinje tsiku lonse, komanso siifuna kutalikira chakudya chimene mtsinjewo ukubweretsa. Ndiye imaima pamalire: kuseri kwa mwala, pamene madzi othamanga akukumana ndi odikha, thovu n'kumazungulira; kunsi kwa mtengo wogwera m'madzi; pamene kakhwawa kakuthira mumtsinje waukulu; pakhonde pamene madzi akumba pansi pa mizu ya mkuyu. Nyambo suiponya pamutu pa nsomba. Umaiponya kumtunda pang'ono, n'kuisiya ikunkhulike pansi ngati chinthu chimene madzi angotola okha. Mtovu ukalemera kwambiri, nyambo imangoti zii pamalo amodzi, nsomba n'kuikayikira. Ukapepuka kwambiri, nyambo imadutsa pamwamba ngati ili pa ulendo wa ku Mozambique.

Nyambo yodalirika ndi nyongolotsi za m'dimba, zofiira, zosafa. Ngumbi zikatuluka ndi mvula yoyamba, palibe choposa zimenezo. Chiwala, chimanga chachiwisi chowiritsa, kapena nsima yolimba yosakaniza ndi madeya, zonse zimagwira ntchito tsiku lake. Pali luso lina limene ambiri salidziwa: tengani madeya, muwakande ndi dothi lonyowa, muumbe timibulu ngati mazira a nkhuku, muponye pamalo amodzi masiku awiri kapena atatu musanayambe kuwedzapo. Nsomba zimazolowera kuti pano pamagwa chakudya. Kuweta nkhuku n'chimodzimodzi, kungoti izi simuziona.

Ndipo mufike mwakachetechete. Nsomba imamva mapazi kudzera m'nthaka, imaonanso chithunzithunzi cha munthu chikagwera pamadzi. Mkanjo woyera wa Lachisanu usiyeni kunyumba. Pajatu akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono tiyeni tifike pamene pali msampha. Wakhala ola lathunthu, mwina awiri. Maganizo apita ku mtengo wa feteleza, ku fizi ya mwana, abwerera. Kenaka ulusi uja ukumva kuti tii, tii, ngati wina akugogoda pachitseko mwaulemu. Apa wosadziwa amatsomphola msanga, n'kutulutsa mbedza yopanda kanthu. Ngumbo ilibe mano m'kamwa, mano ake ali kukhosi, ndiye imayamba yalawa ndi milomo. Dikirani. Ikatsimikiza, simufunsanso munthu: ndodo imapindika mpaka nsonga kulowa m'madzi, ulusi n'kumalira. Imathamangira kunsi kaye kutsata mphamvu ya madzi, kenaka n'kukhotera ku mizu kuti ikadule ulusi. Mukakoka ndi ukali, mwaluza. Mukailekerera, mwaluzanso. Muyenera kuitsata m'mbali mwa gombe, ndodo ili m'mwamba, kuipatsa pang'ono, kuilanda pang'ono, mpaka itagona cham'mbali n'kuonetsa mimba. Zonsezi mwina ndi mphindi zisanu zokha. Koma munthu wa zaka 60 amapezeka miyendo ikunjenjemera ngati mnyamata wokafunsira mbeta.

Usiku umenewo tulo sitibwera bwino. Ngati yagwidwa, ukuganiza kuti pamalo paja payenera kukhala inzake. Ngati yadula ulusi, ndiye kwaipiratu, chifukwa nsomba yothawa imakula usiku uliwonse. Lolemba inali ngati mkono, pofika Lachinayi yafanana ndi mwana wa mbuzi. Ndimawauza anzanga kuti bodza la msodzi nalonso ndi bodza, limalembedwa.

Ine ndinayamba ndili m'zaka za m'ma 40, nditasiya zopita kunyanja usiku n'kukhazikika pa ulimi wa mpunga ndi chinangwa. Ndipo ndikuganiza kuti ndikudziwa chifukwa chake ngakhale asodzi a kunyanja amakodwa. Pa chilimira ndiwe mmodzi mwa anthu ambiri, ukukoka mwa lamulo la wina, ndipo m'mawa mwini zida amatenga gawo lake, inu n'kugawana zotsala. Nsomba zake zimayezedwa ndi ndowa, palibe imene umaidziwa. Kumtsinje uli wekha. Nzeru ndi zako, kulephera n'kwako, ndipo nsomba iliyonse ili ndi mbiri yake.

Wina anandifunsa ngati kumeneku si juga. Ayi, si juga, chifukwa palibe chuma cha mnzako chimene ukudya, ndipo kufunafuna riziki m'madzi n'kololedwa. Koma ndivomereze kuti mtima umagunda mofanana, ndipo mawu akuti “kamodzi komaliza” amamveka malo onse awiri.

Matendawa si akuno kokha. Ku England kuli nsomba ya m'banja lomweli, ya tindevu tinayi, imene amaitcha barbel, dzina lochokera ku mawu otanthauza ndevu. Anthu kumeneko amagona m'mphepete mwa mitsinje ya Trent ndi Severn chifukwa cha iyo. Akaigwira amaiyeza pa sikelo, kujambulitsa nayo, n'kuibwezera m'madzi. Ife tingaseke, munthu wovutika usiku wonse n'kubwerera wopanda ndiwo. Koma ali ndi lamulo limodzi loyenera kuliganizira: kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni chaka chilichonse, nsomba zoterezi saziwedza m'mitsinje yawo, kuti ziswane. Inu a ku Joni musasokonezeke, ku South Africa dzina lomweli la barbel amatchulira mlamba.

Nthawi ya nsomba, nthawi ya khasu, nthawi ya swala

Amayi odandaula aja sakunama. Vuto lagona pakuti nsomba zimadya bwino nthawi ziwiri, m'bandakucha ndi dzuwa likamalowa. Imeneyi ndi nthawi ya Subuhi ndi Magharibi. Ndiponso ngumbo zimakwera ndi madzi oyamba osefukira, cha mu Disembala ndi Januwale, pamene mpunga ukufuna kuokera ndipo chimanga chikufuna kupalira. Zinthu zitatu zikuitana munthu mmodzi pa ola limodzi.

Ine ndimaweruza motere, ndipo amene akuona mwina abwere tidzakambirane pakhonde. Khasu m'mawa, ndodo madzulo. Udzu wa m'munda sudikira, ukauphonya sabata imodzi mu Januwale udzaulipira ndi matumba mu Meyi, ndipo palibe ngumbo imene ingabweze thumba la mpunga. Za swala, nthawi ya Magharibi ndi yaifupi, tonse tikudziwa. Amene ali pafupi ndi mudzi apinde ulusi dzuwa lisanakhudze phiri. Amene ali kutali anyamule mswala wake, aswalire komweko, dziko lonse ndi loyera. Koma asazolowere, chifukwa mzere wa mumzikiti uli ndi malo ake. Lachisanu ndodo ipume mpaka titatuluka ku Juma. Ndipo inu amayi, ngati munda wapaliridwa ndipo bambo akuoneka pamzere, alekeni apite. Alipo malo ambiri oipa amene mwamuna angathereko madzulo ake kuposa pamwala wa mumtsinje.

Mafunso ena awiri amabwera kawirikawiri. Loyamba ndi la mlamba, poti ulibe mamba. Ambiri kuno timatsata mazihabu a Imam Shafi'i, amene anafika ndi a Jumbe Salim bin Abdullah ndi anthu awo a ku gombe la Chiswahili m'zaka za m'ma 1840. M'mazihabu amenewa, ndiponso m'mazihabu onse anayi, mlamba ndi nsomba, ndipo ndi halali, sufuna kuzinga. Amene sadya chifukwa cha mtima wake kapena mwambo wa kwawo, asadye, koma asautche haramu. Lachiwiri ndi la achule, amene anyamata amakonda kukolekera pa mbedza za mlamba. Apa ndiye ayi. Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, analetsa kupha chule. Matumbo a nkhuku alipo, nyongolotsi zilipo.

Ndiwonjezepo za ng'ona, chifukwa Bua ndi mudzi wawo. Ng'ona imaphunzira munthu. Ukamakhala pamalo amodzi, nthawi imodzi, masiku atatu otsatizana, dziwa kuti wina akukuwerengera. Sinthasinthani malo. Musatumbulire nsomba m'mphepete mwa madzi. Mbedza ikakodwa pa muzu, dulani ulusi, mtengo wake sufika ngakhale wa sopo. Ndipo pochita udhu musagwade pa dziwe lakuya, tungani madzi m'kachitini mubwerere kumtunda. M'nkhalango yotetezedwa musalowe ndi ndodo popanda chilolezo. Mulipitsidwa kapena kumangidwa, ndiponso chibwerere njovu pafupifupi 500 zimene anazisamutsa ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, si malo oyendamo mwachisawawa.

Zimene tikuona m'madzimo

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kwenikweni. Munthu wa khoka nsomba zikachepa amasamukira gombe lina, kapena amagula ukonde wa maso aang'ono, ndowa n'kudzazabe, ngakhale ndi tiana. Munthu wa ndodo sangadzinamize chomwecho. Amabwerera pa miyala yomweyo chaka ndi chaka, ndipo amadziwa dziwe lililonse ngati chipinda cha m'nyumba mwake. Funsani aliyense wa ife amene wakhala pa mitsinje ya kuno, Bua, Kaombe, Dwangwa ndi timitsinje tothira mu Chia, zaka 20 kapena kuposa. Akuuzani chimodzimodzi. Maiwe amene nsungwi yonse inkamira osakhudza pansi, lero madzi ake ndi a m'mawondo, pansi pali mchenga. Timiyala toyera tija takwiririka ndi matope. Ngumbo zikuluzikulu zija zasanduka za apo ndi apo.

Achinyamata, funsani agogo anu za nchila. M'zaka za m'ma 1950 nchila inali pambuyo pa chambo chokha pa malonda a nsomba za m'nyanja muno. Inkakwera mitsinje ndi mvula yoyamba mochita kudetsa madzi. Nthawi yomweyo ndi imene kunafika maukonde a nayiloni, m'malo mwa aja makolo ankaluka ndi luzi la m'tchire ndi ulusi wosolola m'matayala akale. Anthu anayamba kutchera matchera pa mathiriro a mitsinje, kugwira nsomba zodzaza mazira zisanakwere. Pofika m'ma 1970 nchila inali itasanduka nkhani. Lero mwana wobadwira pagombe angathe kukula mpaka kukwatira osaiona. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tithetse nchila. Aliyense ankangofuna ndiwo ndi ndalama za tsiku limenelo.

Njira yomweyo ndi imene ngumbo ndi mpasa zikuyenda, ndipo adani ake ndi anayi.

Woyamba ndi mpanda. Kutchinga mtsinje ndi mabango n'kuika mono si chinthu chatsopano. Koma akuluakulu amene anatilera ankatiuza kuti mpanda unkakhala ndi mwini wake wodziwika kwa mfumu, ndipo pankasiyidwa mpata woti nsomba zina zidutse. Lero anthu akutchinga gombe mpaka gombe, ndipo kuseri kwa mpanda woyamba kuli wachiwiri. Wachiwiri ndi neti ya udzudzu, imene achipatala anatipatsa kuti ana asadwale malungo, ife n'kukakokolola nayo ana a nsomba amene sanafike ngakhale kukula kwa chala. Wachitatu ndi katupe. Zimandiwawa kuti mthuthu womwe uja alangizi anatilimbikitsa kubzala kuti ubwezeretse chonde m'munda, ena akusinja masamba ake n'kukathira m'dziwe. Ena afika pothira mankhwala a mbozi ndi a thonje. Poizoni sasankha, amapha yaikulu, yaing'ono, ndi chakudya chake chomwe, ndipo kunsi kuli mayi akutunga madzi akumwa. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa zimenezi, ndipo chipembedzo chathu chimaletsa kuononga ndi kupweteka anzathu. Amene amagula nsomba zoterezi akudziwa, naye ali m'gulu lomwelo.

Mdani wachinayi ndi amene sitikonda kumutchula, chifukwa ndi ife alimi. Bua amachokera kutali, ku Mchinji, n'kudutsa madera a fodya ndi chimanga a chigawo chapakati asanatsike kuno. Mtengo uliwonse wodulidwa kumeneko, mzere uliwonse wolimidwa chotsetsereka, dothi lake limathera mumtsinje. N'zosavuta kuloza chala anthu a kumtunda. Koma tayendani m'madimba mwathu muno. Talima mpaka phazi kunyowa. Mabango tinatentha, nsenjere tinazula, mikuyu ndi mikatope tinadula kuti mthunzi usagwere pa tomato. Mvula ikagwa, gombe limagumuka, ndipo mzere umene tinauba kumtsinje, mtsinje umautenga pamodzi ndi ina iwiri. Matope amenewo akakhala pa timiyala, mazira a mpasa amafa ndi kusowa mpweya. Ndiye munthu yemweyo amene analima mpaka m'madzi m'mawa, madzulo ali ndi ndodo, akudabwa kuti nsomba zapita kuti.

Chaka ndi chaka pa 1 Novembala boma limatseka nyanja kwa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo makomiti a m'magombe, ma BVC, amayesetsa kulondera. Koma maso onse amakhala kunyanja. Kumtsinje kulibe mlonda. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, n'kumanga mpanda wa waya. Ndikudziwa kuti si onse anakondwera, alipo amene ankapezako nkhuni, uchi ndi nsomba. Komabe chigawo cha Bua cha m'kati mwa mpandamo chatetezeka. Chimene anthu saganizira n'chakuti mpasa ilibe mapiko. Kuti ichoke m'nyanja n'kukafika pa timiyala ta m'nkhalango, iyenera kudutsa pa mathiriro, kudutsa pakati pa minda yathu, kudutsa pansi pa mlatho wa msewu wa M5. Ana ake potsika adutsanso pomwepo. Asilikali a nkhalango angalondere usana ndi usiku, koma chipata chili m'manja mwa midzi ya kunsi kuno, ndipo m'midzi yambiri imeneyi Asilamu ndife ochuluka.

N'chifukwa chake ine sindifuna kuti anyamata okodwa ndi mbedza tiwachiritse. Ndikufuna achuluke. Mbedza imatenga nsomba imodziimodzi, ndipo imasiya yaing'ono imene kamwa lake silingameze. Koposa apo, munthu amene wakonda dziwe lake salola wina kuthiramo katupe. Ndaona anyamata amene sankabwera ku msonkhano uliwonse wa chitukuko akupita okha kwa a mfumu kukanena za mpanda wotseka mtsinje, chifukwa chakuti nsomba zasiya kufika pamwala pawo. Mlonda woposa ameneyo simungamupeze, ndipo safuna malipiro. Anthu oterewa alowe m'makomiti, asamangosiyira eni makoka okha. Ndipo amene ali ndi dimba m'mphepete mwa madzi ayambe yekha: asiye mikono ingapo osalima, abzalemo vetiva, nsungwi kapena mabango. Nsungwi yomweyo mawa ndi ndodo.

Kwa ogwira ndodo anzanga, pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchita zaka zingapo tsopano, ndipo poyamba anthu ankati a shehe azungulira mutu. Nsomba yodzaza mazira ndimaibwezera. Siivuta kuizindikira: mimba imakhala yotupa ndi yofewa, potulukira mazira pamakhala pofiira, ndipo nthawi zina timazira timayamba kutuluka tokha mukangoinyamula. Zamphongo ndi zina zopanda mazira zimakwanira mphika wa tsiku limenelo. Kabwezedwe kake kali ndi njira. Nyowetsani manja musanaigwire, kuti musachotse thelele la pakhungu pake. Musaigoneke pa mchenga wotentha, ndipo zala zisalowe m'makha. Mbedza ikakhala pamlomo imachoka mosavuta, makamaka ngati munaphwanyiratu kandevu kake ndi pulayala. Ikamezedwa mpaka kukhosi, magazi n'kumatuluka, imeneyo ndi ndiwo, pitani nayo kunyumba. Ngumbo ikamenya nkhondo imatopa kwambiri, moti mukangoiponya imatembenuka chagada n'kutengedwa ndi madzi. Sankhani malo osaya, a madzi oyera, oti mukuona pansi ponse, mnzanu akuyang'anira ng'ona. Igwireni m'madzimo mutu utaloza kumene madzi akuchokera, dzanja limodzi kunsi kwa mimba, lina kumchira. Mudzaona makha akuyamba kutseguka ndi kutseka, pang'onopang'ono, kenaka mwamphamvu. Musaikankhe. Ikakonzeka imadzimenya yokha n'kukuthirani madzi kumaso.